Mzukwa Wachitatu Kuchokera Kumanzere

Lolemba, 21 Okutobala

Manja akunjenjemera, sukulunso sindinapite nayo patali. Akulemba ndi Noreen, mwana wanga wamkazi, koma mawu ndi anga. Ndamuuza kuti asakometse.

Loweruka ku holo ya tauni akaonetsa sewero la pa kanema la anamapopa lija, lomwe anadzajambula kuno ku Maine zaka makumi anayi zapitazo. Magawo onse awiri, pa chinsalu chachikulu. Delbert wanga alimo. Akufa akamadzuka kumanda, wachitatu kuchokera kumanzere. Ana a anzanga anapita ku koleji. Wanga anaopseza dziko lonse.

Lachitatu, 23 Okutobala

Mapayi a maapozi apsa bwino. Mipando yakutsogolo ndasungitsa. Ndaitananso Lucille Pelletier wa nyumba yoyandikana ndi yathu, amene sanaonerepo seweroli. Masiku amenewo ankati ndi za Satana. Mwana wake Armand atapita mozemba kukajambulitsa nawo, anamukwapula ndi lamba. Chaka chotsatira mnyamatayo anamira ndi boti lophera nkhanu.

Lucille akuti, "Ndikubwerera payi, osati mizukwa yanuyo." Nsanje basi.

Lachisanu, 25 Okutobala

Delbert wafika kuchokera ku Ohio. Dazi, mimba, mano oikirira. Namapopa wopanda mano! Akuti, "Amayi, bwanji mawa tingokhala pakhomo?" Manyazi ngati malemu bambo ake. Ndamusitira tayi.

Lamulungu, 27 Okutobala

Kutchalitchi sindinapite. Bondo. Noreen, lemba kuti bondo.

Chinsalu chija n'chachikulu mopanda ulemu. Pa kanema wathu wakale nkhope zinkaoneka ngati mbatata. Dzulo zonse mbee, mpaka ziphuphu. Akufa atadzuka ndinaimirira n'kufuula kuti, "Wanga ndi uyo!" Holo yonse m'manja. Kenako Lucille pambali panga, motsitsa mawu: "Armand."

Makutu otambalala aja. Palibe wina m'tauni muno anali nawo. Wachitatu ndi Armand. Delbert ali kuseri kwa mtengo, ukuoneka ndi mkono wokha.

Pobwerera m'galimoto ndinamufunsa Delbert. Akuti, "Ndinkadziwa, Amayi, koma munali mutauza kale wa positi ndi abusa."

Zaka zonsezi ndakhala ndikupsompsona mwana wa Lucille pagalasi la kanema.

Lachiwiri, 29 Okutobala

Delbert wabwerera kwake. Kusitolo ndatuma Noreen.

Masana Lucille analowa osagogoda. Wamva kuti ndili ndi tepi ya sewero lija. Zithunzi za Armand ali nazo, koma kumuona akuyenda, ayi, chichokereni boti lija. Ndinamukhazika pampando wanga wabwino. Poimitsa tepiyo ndimapadziwa ngakhale ndili m'tulo.

Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako akuti, "Anamuchulutsira ufa kumaso. Ndipo amenewo ndi malaya ake a kutchalitchi, mbuzi ya mwana iyi, ndinawafuna chaka chathunthu." Anayamba kulira. Ine ndinapita kukaona ngati khofi wawira, ngakhale ndinali ndisanateleke.

Payi anadya magawo awiri.

Mkono wa Delbert uja sanauone. Ndinabweza tepi m'mbuyo, ndinalozanso ndi ndodo. Zala zopinda bwino kwambiri, ngati za wakufa weniweni. Si aliyense angachite zimenezo ndi mkono umodzi. Lucille akuti ndi nthambi.

Mawa abweranso. Ndamuuza kuti atenge magalasi ake.