Wapampando Wosaitanitsa Msonkhano

Njuli, Chiradzulu

Okondedwa alamu a Rafaeli,

Ndikhulupirira muli bwino ku Mzuzuko. Kuno tilipo, achemwali anu akupereka moni.

Mwina munamva kuti kugulu lathu la alimi a mkaka anandichotsa pampando, n'kuikapo Dominic, mnyamata anakaphunzira ku China uja. Ine zaka eyiti ndinkakalipa mpaka kusasa mawu. Iye akuti kumeneko anatolako nzeru zamakolo a kumeneko zotchedwa Chitao, zoti mtsogoleri wabwino saonekera, anthu amangoona zinthu zikuyenda n'kumayesa achita okha.

Msonkhano saitanitsa. Malamulo ndinamata pachitseko cha nyumba yosonkhanitsira mkaka aja anamatula onse. Nditamufunsa za othira madzi mumkaka, anandiyankha moseka, "Bambo, malamulo akachuluka mumaphunzitsa anthu kuzemba."

Chondinyansa n'chakuti galimoto ya kampani yotigula yasiya kutibwezera mkaka kuti ndi woipa, ndipo anthu akumafika nthawi yake popanda wowakuwira. Alamu, inu munaonapo anthu a kwathu kuno akuwongoka okha? Pali chimene mnyamatayu akubisa.

Mvula yagwa bwino, nandolo akulonjeza. Ng'ombe yathu ija ili ndi bere, ndiye inasiya kutulutsa mkaka mwezi watha. Koma mwana wathu Ursula akumapitabe kuguluko m'mawa uliwonse, atasamba, atadzola, chigubu chopanda kanthu kumanja. Mayi ake ndikawafunsa akungoyang'ana kumbali.

Mwini mbumba ndinu. Bwerani, musadikire Khirisimasi. Munthu wosachita kanthuyu ndikuona ngati watichita kale.

Ndine mlamu wanu,
Frackson