Bokosi la Yusufu Linali Lopepuka

Amayi anga, kodi mukudzuka bwanji kumene muliko?

Ife kuno ku Nkhudzi tilipo. Chimanga chaka chino chachita manyazi, koma usipa watigwira dzanja. Mbuzi yanu yamakani ija idakalowabe m'dimba la eni, ndipo wopepesa ndine. Nkhani yabwino ndi yoti Asiyatu, mkazi wa Yusufu, wachira mwana wamwamuna. Mphuno ndi yanu ndithu, musakane.

Koma chimene ndakulemberani ndi Yusufuyo. Kodi mwana wanu anafika kumeneko?

Mukukumbukira tsiku lija tinapita kukaona akumaliza sukulu ya maofesala a asilikali? Anyamata onse anali ofanana ngati mazira, yunifolomu imodzi, kumeta kumodzi. Ine mlongo wake ndinkaloza ana a eni. Inu munangoti, "Wanga ndi uyo wa khutu long'ambikayo," khutu lija anakoledwa ndi mbedza ali wamng'ono. Munalulutira mpaka msilikali wina anabwera kudzakukhazikani pansi.

Inu mutatisiya, anamutumiza kukalondera njanji ku Mozambiki. Miyezi isanu yapitayo kunabwera uthenga woti wamwalira pa ntchito. Wailesi sinanenepo kanthu. Amalume anagula sanda, nsalu yoyera yomukulungira, osambitsa maliro anatereka madzi, adzukulu anakumba manda okhala ndi kachipinda ka m'mbali monga timachitira Asilamu. Ndiye lole inafika ndi bokosi lokhomerera misomali. Mkulu wa asilikali anavula chipewa n'kunena mwaulemu kuti, "Pepani, makolo, talamulidwa kuti lisatsegulidwe." Madzi aja anazizira m'miphika. Bambo a Hawa, amuna anga, akuti kumanda bokosilo linakana kulowa m'kachipinda, mpaka anachita kukagumula. Ife akazi tinangomva mfuti tili kunyumba.

Amayi, mwana wanu anapita osasamba, osavala sanda, ndipo palibe akudziwa ngati nkhope yake yayang'ana ku Maka. Chimenecho chokha chinali chokwanira kundiwondetsa. Koma patapita masiku, bambo a Hawa anandinong'oneza kuti, "Bokosi lija linali lopepuka." Yusufu mukumudziwa, munthu woti ankapendeketsa bwato akakhala mbali imodzi. Onse amene ananyamula anamva kupepukako, koma palibe anayang'ana mnzake. Atcheyamani a chipani anali pomwepo, ndipo masiku ano munthu wofunsa mafunso amakagona kutali.

Kuyambira pamenepo mtima wanga uli m'malere. Mwina bomba linangotisiyira zochepa. Mwina munali mwana wa mayi wina. Mwina Yusufu ali m'tchire kwinakwake, akuyenda kulunjika kuno. Lole ikaima pamsewu ndimataya chimene ndagwira, mbale ziwiri ndaswa kale.

Tsopano abale a Asiyatu abwera kuchokera ku Lungwena. Akuti wachira, masiku ake odikira atha, timusudzule Lachisanu likubwerali. Kwawoko kuli mphunzitsi wina wamufunsira kale. Amalume akuti mawu otsiriza ndi anga, poti ndine wamkulu amene ndatsala. Ndikavomera, Yusufu n'kutulukira, ndidzamuuza chiyani? Ndikakana, ndikhala ndikumangirira mwana wa eni pa munthu amene mwina ali nanu kale. Ndipo chifukwa chokanira sindingachitchule pa gulu.

Munkati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndadekha, amayi, nkhonoyo sikutulutsa maso, ndipo ndili ndi mantha. Inu munamuzindikira pakati pa asilikali onse aja. Yang'anani makutu a amene afika kumene. Mukamupeza, mumusambitse, mumutembenuzire koyenera, ndipo mubwere naye m'maloto ndimuone kamodzi kokha.

Lachisanu likafika musanandiyankhe, ndimumasula Asiyatu, sanalakwe kanthu. Koma ndikukulonjezani kuti sanda ija sindipatsa munthu. Ili m'sutikesi yanu. Kaya mwana wanu abwera woyenda kaya wonyamulidwa, adzaipeza.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani.

Ndine mwana wanu,
Mariamu