Khoswe wa M'nyumba Muno

Loweruka madzulo. Kutchalitchi zayenda bwino, koma mtima wanga sukukhala pansi.

Bezi gitala yanga yakhala ikundinyansa, imalira mokwera ngati chitini. Ine ndimafuna kulira kwa magitala akale a pa wailesi, kogunda pansi, du du du, kosachedwa kuzima. A Mulipa, omwe ankaimba m'bandi kalekale, anandiuza kuti iwo ankalowetsa kasiponji kunsi kwa mawaya, chakumapeto kwenikweni.

Nanga siponji ndikanaipeza kuti kuno ku Mkhumba? M'mawa mkazi wanga atapita kumjigo, ndinadula kachidutswa pakona ya matiresi athu atsopano, omwe iye anagula atagulitsa nandolo wake.

Pokonzekera nyimbo za mawa bezi inalira mokoma, mpaka a Mulipa anaimirira n'kuvina.

Pofika kunyumba ndinamupeza mkazi wanga atatulutsa matiresi panja, maso atafiira. "Bambo a Tadala, taonani! Chaka chonse ine ndimalimira makoswe?"

Ndinangoti, "Ndi oipa zedi."

Wandipatsa msampha kuti nditchere, ndipo ndatchera, ndapakapo ndi chiponde chomwe. Ndimuuza mawa, koma kwaya iyambe yaimba kaye...