Kabuku ka Kusikelo ka Tupochele

Tallaght, Dublin
12 January 2025

Okondedwa achemwali Lois,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu, alamu ndi ana nonse. Nanga amayi, mwendo uja unasiya kutupa? Mankhwala ndinatumiza aja akumwa, kapena angowamanga pansalu n'kuwasunga monga amachitira? Ife kuno tilipo. Chimfine chinandigwira sabata ya Khrisimasi koma chinatha. Kukuzizira koopsa, ndipo ikamakwana 5 koloko madzulo kumakhala kutada kale.

Musadabwe kuti ndalemba papepala ngati kale pomwe foni ilipo. Foni yanuyo amasunga ndi Tupochele, ndipo ndimamudziwa mwana ameneyo, meseji iliyonse amayamba watsegula ndi iye, ikakhala ya mawu amakweza mpaka khonde lonse kumva. Nkhani iyi ndikufuna muwerenge nokha. A Thom, bambo amene timapemphera nawo kuno, akubwera ku Balaka kudzaona makolo awo. Ndawapempha kuti akupatseni m'manja, asasiyire munthu pagolosale.

Ntchito ndikugwirabe kunyumba yosamalira okalamba ija ku Dún Laoghaire. Ndimakwera Luas, kasitima koyenda mumsewu, kupita m'tauni, kenako sitima, ola ndi theka kupita, ola ndi theka kubwerera. Kusambitsa, kudyetsa, kutembenuza anthu olemera kuposa ine, msanawu sulinso wanga. Alamu anu a Gervazio anapeza ntchito kufakitale ya nyama kutali ndi Dublin, amagona komweko, amabwera Loweruka n'kubwerera Lamlungu madzulo. Ndiye mkati mwa sabata ndimakhala ndekhandekha m'kachipinda kano. Tsiku limatha osatulutsa liwu limodzi la Chichewa. Dzana ndinadzipeza ndikukalipira ketulo kuti ikuchedwa kuwira, ndinadziseka ndekha. Kusungulumwa kwa kuno achemwali n'kwina, anthu ali mbwee mumsewu koma woti n'kumuuza zakukhosi palibe.

Tsopano ndinene chimene ndalembera.

Inu mukudziwa kumene ndadutsa pa nkhani ya mwana. Zaka 15 m'banja. Munandiperekeza nokha kwa asing'anga aja a ku Nayuchi, tinamwa zowawa zija mpaka ndinasanza m'minibasi. Kuphiri tinakwera, kusala tinasala. Kuno madokotala anandiyeza bwinobwino, anapeza kuti njira zonse ziwiri zodutsa mazira n'zotseka. A Gervazio alibe vuto lililonse. Anati njira yatsala ndi imodzi, imene amaitcha IVF. Pepani ndinena mosabisa, ndinu mayi mnzanga. Amamubaya mkazi majekeseni masiku angapo, n'kutulutsa mazira ake, n'kuwaphatikiza ndi mbewu ya mwamuna wake kuchipatala komweko, kenako n'kubwezera m'chiberekero. Mwanayo amakhala wanu ndithu, magazi anu awiri. Amayi musawafotokozere izi, angakomoke.

Atatchula mtengo ndinaseka pamaso pa dokotala. Kuyesa kamodzi kokha, pamodzi ndi mankhwala, anati tikonze ma euro pafupifupi 6,000, ndipo zitha kukanika. Ife tikachotsa lendi, thiransipoti ndi zotumiza kumudzi, m'manja mumatsala fumbi. Ndinatuluka mmenemo nditauza mtima wanga kuti basi, zatha.

Amene anandidzutsanso ndi Womba, nesi wa ku Zambia amene timagwira limodzi. Anandipeza ndikulira m'chipinda chochapira, sindinathenso kubisa. Anandikalipira kuti ife Amalawi timasaina mapepala osawerenga, n'kundionetsa kuti inshuwalansi ya kuntchito kwathu imalipirira IVF kawiri, bola munthu akhale atagwira zaka ziwiri pakampanipo. Achemwali, kuyambira tsiku limenelo ndinakakamira ntchito ija. Kunapezeka ina konkuno ku Tallaght, yongoyenda wapansi, malipiro ochulukirapo, ndinaikana. Anzanga ankati ndapenga. Ndinkawerenga miyezi ngati mkaidi, mpaka zaka ziwirizo zinakwana mu November.

Ndinavala bwino tsikulo, ngati ndikupita ku ukwati, kukaonana ndi Kimberly, mayi amene amasunga mafayilo a antchito. Anatsegula kompyuta, kuyang'ana, kundiyang'ana ine. Kenako anandiuza mofatsa kuti thandizoli n'la anthu amene alibe mwana ndi mmodzi yemwe, pomwe fayilo yanga ikuonetsa kuti ndili ndi mwana wamkazi, Tupochele, wobadwa mu 2011.

Ndinalemba ndine, sindikana. Tsiku loyamba ntchito anatipatsa fomu, ndipo panali kabokosi kofunsa chiwerengero cha ana. Mayi amene anakhala pafupi nane analemba 3, ndinaona. Ine dzanja langa linakana kulemba ziro. Moyo wanga wonse anthu akhala akundiwerengera ziro ameneyo, kumaliro, kuchigayo, kutchalitchi, ndiye ndidzilembere ndekha kudziko la eni? Ndiponso sindinaone ngati ndikunama. Tupo munandipatsa nokha, pakhonde pa amayi, amalume a Kanyanta ali pomwepo, mwana atangosiya kuyamwa. Munati inu muli nawo anayi, sibwino mng'ono wanu azigona m'nyumba yopanda phokoso. Ndinamubereka kumsana ine. Chikuku chija chitamugwira ndinagona naye kuchipatala masiku asanu ndi awiri. Pamene ndinkanyamuka kubwera kuno anagwira chikwama changa pa depoti ya Liwonde mpaka alamu anachita kumuchotsa zala chimodzichimodzi. Ameneyo si mwana wanga?

Ndinayesa kumufotokozera Kimberly zonsezi m'Chingerezi changa chopunthwapunthwachi. Ndi munthu wabwino, anamvetsera, misozi inalengeza. Anafunsa ngati pali mapepala a kukhoti oonetsa kuti ndinamutenga mwanayo mwalamulo. Ndinati kwathu mwana wa mchemwali wako salemberedwa kalata, amangosamutsa mphasa basi. Iye anati ndiye zili bwino, chifukwa pamaso pa a inshuwalansi mwanayo si wanga. Zili bwino! Ndinapsa mtima achemwali, ndinafuna kumutukwana, koma walakwa chiyani mwana wa eni? Ndinathokoza, ndinatuluka, ndinakadzitsekera kuchimbudzi mpaka belu la gogo wina litandiitana.

A inshuwalansi ayankha sabata yatha. Akufuna zinthu ziwiri kuchokera kumudzi. Choyamba, chikalata choonetsa dzina la mayi amene anabereka Tupo. Chachiwiri, kalata yolumbira ya mayi ameneyo, yokhala ndi chidindo. Ine nanenso ndidzasaina yanga kuno yonena kuti ndilibe mwana. Ndipo nthawi yandithina, chifukwa thandizo lawolo limathera pa zaka 41, ndipo ine ndikwanitsa pa 20 March. Mapepala akapanda kufika lisanakwane tsiku limenelo, zaka ziwiri ndathyoka msana zija zapita m'madzi.

Ndakhala masiku asanu ndikulemba kalatayi n'kung'amba. A Gervazio nditawafunsa anangoti ndichite chimene mtima wanga ukufuna, iwo Tupo amawakwanira. Amanena choncho pondimvera chisoni. Ndimawaona kutchalitchi mmene amanyamulira ana a anzawo, amachita kuiwala kuwabweza. Kumpingo sindinauze munthu, mukudziwa Amalawi tikachepa pamalo, ukanong'oneza Lamlungu, Lachiwiri nkhani yafika ku Mzimba. Kuntchito aliyense amadziwa kuti ndili ndi mtsikana wanzeru amene ali Fomu 1. Chithunzi chake cha yunifolomu chili pachitseko cha kabati yanga. Pali gogo wina amene amaiwala ngakhale dzina la mwamuna wake, koma m'mawa uliwonse amandifunsa za mwana wanga. Ndidzamuyankha chiyani, kaya.

Komabe ndaganiza, ndipo sindikubisirani. Ndikufuna kuyesa. Ndikufuna ndimveko mwana akugunda m'mimba mwanga, ngakhale kamodzi. Ngati ndi dyera, Mulungu andikhululukire, nanunso mundikhululukire. Dokotala ananena poyera kuti mwa amayi khumi a msinkhu wanga, amene zimawayendera mwina ndi awiri. Ndiye ndikudziwa kuti nditha kumukana Tupo papepala n'kutsalabe manja lende. Zimenezi ndi zimene zikundisowetsa mtendere. Koma ndikapanda kuyesa ndidzakalamba ndikudzifunsa, ndipo ndikuopa kuti tsiku lina ndingadzamuyang'ane mwanayo ndi diso loipa, iye asanalakwe kanthu.

Pempho langa ndi ili. M'sutikesi yobiriwira imene ndinasiya kuchipinda kwa amayi, pansi pa nsalu za chigwirizano, muli kabuku ka kusikelo ka Tupo. Ndi kokhako kamene kali ndi dzina lanu, chifukwa kusukulu ndi kuubatizo tinalembetsa langa. Mukatenge. Kenako mupite kukhoti ku Liwonde mukalumbire kuti Tupochele munabereka ndinu, tsiku lakuti, kuchipatala chakuti, ndiponso kuti ine sindinaberekepo. Akalembe m'Chingerezi, adinde, ndipo dzina likhale lofanana ndi la pachitupa chanu, anthu akuno chilembo chimodzi chikasiyana amabweza. Ya thiransipoti ndi ya kukhoti a Thom akupatsani. Iwo akunyamuka kubwerera kuno pa 9 February, ndiye chonde musazengereze ngati mmene munachitira ndi zitupa za amayi zija, ndimakudziwani inu.

Chonde, chonde achemwali, Tupo asaone pepala limenelo. Ndikudziwa kuti chilichonse cha Chingerezi pakhomopo mumathamangira kwa iye kuti akuwerengereni. Ulendo uno ayi. Mukafunse akalaliki a kukhoti komweko akuwerengereni, mukabwera mukabise. Mwina Tupo akudziwa kale, pamudzi sipasowa wa pakamwa potentha, koma m'banja mwathu palibe anamuuzapo pamaso. Inu amakuitanani amayi aakulu, ine amayi, ndipo sanafunsepo. Sindikufuna adzamve kuchokera papepala la chidindo kuti amayi ake analumbira kuti alibe mwana. Ngati n'kumuuza, ndidzamuuza ndekha, nditakhala naye pamphasa, osati pafoni. Ndikadzabwera.

Nanunso musamve molakwa. Sindikukubwezerani mwana. Fizi ndilipirabe, nsapato anapempha zija zili m'chikwama cha a Thom, saizi 6, zikapanda kumukwana mumupatse mng'ono wake. Zikadzatheka kunoku, wobwerayo adzakhala wachiwiri, ndipo adzapeza mkulu wake alipo kale. Zikadzakanika, ndiye kuti ndidzatsala ndi Tupo yemweyo, ngati inu mudzakhale mukundilolabe. Apa ndiye pamene ndikuopa kwambiri. Munandipatsa mwana ndi mtima wonse, lero ndikukutumani kukaimika dzanja kukhoti kuti si wanga. Mukakwiya ndimvetsa. Mukakana ndimvetsanso, ingondiuzani msanga, mungonena pafoni kuti sutikesi sinatseguke, ine ndidziwa.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti ndili bwino ndipo ndanenepa, zinazi asadziwe. Moni kwa alamu, kwa amalume a Kanyanta ndi akazi awo, kwa azakhali ku Ntaja, ndi kwa ana nonse. A Gervazio akupereka moni. Tupo mumuuze alimbikire masamu, asiye kugona ndi foni, ndipo Lamlungu likubwerali ndimuimbira monga mwa masiku onse.

Kukhotiko mukanene zoona zokhazokha, musaope, munabereka ndinu. Koma pakhomopo dzina langa musandisinthe.

Ndine mng'ono wanu wokusowani,
Mwaiwawo,
amake Tupo