Nsalu Yoyera ya pa Insaca

[08:12] Débora: wadutsa pa fronteira, pa boda paja?

[08:14] Edgar: ee mana, achemwali anga. entre lagos done. ndili mu chapa, minibasi ya ku cuamba. mbuzi ya munthu ili pamiyendo panga

[08:15] Débora: fulumira. amayi sanadye kuyambira dzulo, ali pa dripi basi kuno ku chipatala cha cuamba. enfermeira, namwino uja, akuti tiitane ana onse. ana onsewo ndi iwe ndi ine

[08:15] Edgar: akulankhula?

[08:17] Débora: pang'ono. akufunsa iwe kenako akugona

[09:31] Edgar: mana musakwiye

[09:31] Edgar: ndatsika pa insaca

[09:32] Débora: chapa yafa?

[09:32] Edgar: ayi. yapita. ndaisiya ndekha

[09:33] Débora: ???

[09:35] Edgar: [mawu 0:34] Mana, mukundidziwa, ine kutchalitchi ndinasiya kalekale. Koma pa boda paja ndinapemphera. Ndinangoti Mulungu ndiuzeni chochita, ine ndikuopa. Tikulowa Insaca mawu abwera. Osati m'khutu ayi. Si maloto, ndinali maso, mbuzi ikundiponda. Akuti tsika, gula nsalu yoyera. Ndakana. Abwereza. Kenako ndangoona dzanja langa likumenya denga la chapa kuti iime.

[09:36] Débora: edgar wamwa?

[09:36] Edgar: madzi okha

[09:37] Débora: gula nsalu yakoyo ukwere chapa ina. za ku cuamba zimatha masana, por favor

[09:58] Edgar: ndagula. ndimati mwina ndi ya pabedi la amayi

[09:58] Edgar: koma something is off

[10:00] Edgar: wa sitolo ndi mkulu wachisilamu, che shafii. wandifunsa, wamwamuna kapena wamkazi. ndati wamkazi, poganiza amayi. sizasi sanagwire. wang'amba ndi manja. zidutswa zisanu

[10:01] Edgar: ndati ndipita nayo kwa telala aipinde m'mbali. wandiyang'ana. akuti bambo, sanda sasoka. kenako akuti pepani

[10:01] Edgar: sanda ndi chani mana

[10:02] Débora: meu Deus

[10:02] Débora: ndi nsalu yokulungira maliro iwe. asilamu amaikidwa nayo m'manda

[10:03] Débora: amayi ali MOYO. akupuma pano ndikuwaona. wawagulira nsalu ya maliro??

[10:03] Débora: taya

[10:05] Edgar: sinditaya. si yawo

[10:05] Débora: nanga ndi ya ndani

[10:06] Edgar: sindikudziwa

[10:09] Edgar: mawu aja abweranso. akuti pita nayo kumadzi. kunyanja ya amaramba

[10:09] Débora: [foni yosayankhidwa]

[10:10] Débora: [foni yosayankhidwa]

[10:13] Débora: [mawu 0:41] Iwe Edgar, tamvera. Mulungu wake uti wochotsa mwana panjira ya kwa mayi ake odwala n'kumutuma kunyanja ndi nsalu ya maliro? Ukudziwako munthu ku Amaramba iwe? Chikulire chako sukhala pansi. Blantyre, Tete, Joni, Blantyre kachiwiri. Lero kuyendayenda kwakoko wakupezera dzina latsopano, ukuti Mulungu. Akapita usanafike, usadzandifunse kuti ananena chiyani. Sindidzakuuza.

[10:40] Edgar: ndamva. mwina mukunena zoona

[10:40] Edgar: ndili pa mota, njinga yamoto. ndikupita ku amaramba

[12:05] Edgar: net ikubwera ikupita. wa mota wandisiya. akuti msewu wadzaza madzi. komanso wasuzumira mu jumbo. sakufunanso kundiyang'ana

[12:06] Edgar: ndikuyenda pansi

[12:14] Edgar: chimanga mbali zonse. munthu palibe. mphepo palibe. mbalame palibe

[12:15] Edgar: jumbo ikulemera mana. muli nsalu yokha koma

[12:18] Edgar: what if ndi yanga

[12:20] Débora: paja wati wamkazi

[12:20] Edgar: kkk true

[12:21] Débora: sindikuseka. bwerera

[12:29] Edgar: ndayesa. ndatembenuka, ndayenda ndithu. miyendo ili bho. koma mumtima muli ngati ndasiya khanda pamsewu. ndatembenukanso

[12:48] Edgar: kukubwera njinga

[12:48] Edgar: ya nsomba. dengu lilibe kanthu

[12:55] Edgar: waima. moni sanapereke. wayang'ana jumbo nthawi yaitali. watembenuza njinga. akuti kwerani

[12:55] Débora: USAKWERE

[12:57] Débora: edgar

[13:30] Débora: edgar chonde

[13:52] Débora: kapumidwe ka amayi kasintha. ndaitana enfermeira. wangowakonzera bulangete nkutuluka

[14:10] Edgar: ndafika. mudzi wa m'mbali mwa nyanja. mabwato onse ali kumtunda masana ano. nsomba zili pathandala, woziyang'anira palibe

[14:11] Edgar: anthu ali pansi pa mango. chete. wolira palibe. nditalowa onse aimirira

[14:19] Edgar: [mawu 0:52, monong'ona] Wa njinga uja dzina lake Latifu. Azakhali ake amwalira m'mawa uno. Analibe mwana, amakhala okha. Kuno maliro sagona, amaika lero lomwe. Nsalu yoyera m'mudzi muno mulibe. Latifu amapita ku Insaca kukagula, koma ndi madzi amenewa akanabwerako dzuwa litalowa. Azimayi asambitsa kale thupi, amangodikira. Mmodzi watsegula jumbo, waona zidutswa zija, akuti zakwana. Wandifunsa, wakutumani ndani? Mana, ndangoloza kumwamba ngati chitsiru. Palibe waseka.

[14:31] Débora: edgar amayi adzuka

[14:31] Débora: atsegula maso bwinobwino. ndikulumbira sindinawauze kanthu. ndinawanamiza kuti chapa yachedwa

[14:32] Débora: akufunsa kuti edgar wafikitsa nsalu kwa rahma?

[14:36] Edgar: ndafunsa latifu dzina la malemu

[14:36] Edgar: ndi lomwelo

[14:36] Edgar: mana ndangokhala pansi

[14:37] Débora: akufuna foni. dikira

[14:41] Débora: [mawu 1:09] Edgar mwanangu, ndine. Nthawi ya nkhondo, tikuthawira ku Malawi, tinabisala m'mabango a kumeneko. Inu musanabadwe. Mwana wanga woyamba anafera m'manja mwanga momwemo. Chomukulungira ndinalibe, chitenje chinali chimodzi chomwe ndinavala. Mtsikana wina wa kumeneko, Rahma, anavula mpango wake woyera kumutu, amuna akuona, n'kumukulunga nawo. Sindinamuonenso. Zaka zonsezi ndakhala ndikupempha Ambuye kuti tsiku lake likadzakwana asadzasowe nsalu. Ine miyendo ndilibe. Atuma iwe. Usachoke asanamuike. Wamva?

[14:42] Edgar: auzeni ndikubwera pompano. nsalu yafika. ntchito yatha. latifu andiperekeza

[14:43] Débora: akuti ayi. akuti ukanyamule nawo

[14:43] Edgar: mana ndikakhala sindiwapeza

[14:44] Débora: ndikudziwa

[14:44] Débora: nawonso akudziwa

[14:45] Edgar: inu mukuti bwanji

[14:47] Débora: usandifunse ine. m'mawa ndinati taya

[14:53] Edgar: ndapita kuseri kwa nyumba. ndapempheranso. ndati ndiloleni ndizipita

[14:53] Débora: ndiye?

[14:54] Edgar: mawu aja sanasinthe

[15:02] Edgar: amuna akutulutsa jeneza, chonyamulira maliro chija. andisiyira malo kutsogolo. sanafunse kuti ndimapemphera kuti

[15:03] Edgar: auzeni ndakhala

[15:04] Débora: ndawauza. agwedeza mutu. atsekanso maso

[16:20] Edgar: taika. dothi lonyowa. ndathira nawo ndi manja ngati anzanga

[16:22] Edgar: latifu akupopa njinga. tikafika pouma ndipeza mota. cuamba lero lomwe, by force

[16:41] Edgar: mana?

[16:58] Edgar: [foni yosayankhidwa]

[17:15] Edgar: mana tanyamuka. tadutsa madzi aja. auzeni ndili m'njira

[17:16] Edgar: mana pls

[17:40] Débora: usathamange edgar. palibenso chothamangira. msewu ndi woterera

[17:40] Débora: bwera pang'onopang'ono