Nsawa Zanu Ndinaziswa

Amayi, kumeneko mwadzuka bwanji? Kodi mwendo uja unaleka kuwawa? Ndine Esinati wanu wa ku Kitwe. Kalatayi ndaiyamba katatu, katatu konse mwana n'kulira, ndiye mukaona madontho papepala musati ndi misozi, ndi mkaka. Misozi ndinaimaliza kale.

Inde, pathupi paja munandisiya napo panabadwa mtsikana, mu Seputembala, kuchipatala cha mgodi. Tamutcha Malita, dzina lanu. Watenga chipumi chanu ndi mkwiyo wanu womwe. Bambo a Yosefe awakweza pantchito, poti chilandirireni ufulu ntchito zina zimene ankagwira azungu okha akuzipereka kwa anthu athu. Kuno ku komboni ya Mindolo anthu akuti tili pabwino. Kaya. Ine ndimangoona munthu wotuluka faifi koloko m'mawa, wobwera madzulo n'kugona pampando nsapato zili kumapazi. Yosefe wayamba sukulu. Ndikamuitana amayankha kuti "mukwai", ngati ndinabereka Mbemba.

Za kumudzi ndimazimva m'makalata a Tamala, mng'ono wanga, amene akusunga pakhomo panu. Akuti chimanga m'nkhokwe chafika pakati, chikwana mpaka Febuluwale akamadya mosamala. Mbuzi yanu yamawanga inaswa ana awiri, mmodzi fisi anatenga. Chitsime cha kudambo chinauma mu Okutobala, ankakatunga kuseri kwa phiri. Denga la nyumba yanu lagwa mbali ya kum'mawa, ndipo wofolera palibe, chifukwa amuna onse a kwa Chimtengo amene ali ndi mphamvu ali kuno, pansi pa nthaka, kukumba mkuwa. Ndimakumana nawo kutchalitchi Lamulungu atavala masuti. Tikatuluka timafunsana za mvula ya ku Katete, ngati pali wina wa ife amene akagwire khasu.

Koma si zimenezi zandikhazika pansi. Amayi, ndalakwa, ndipo ndikufuna muyambe kumva ndinu. Ndi za nsawa zanu za mbewu, zofiira zija, zazing'ono, zokhala zitatuzitatu m'khoko, zimene munalandira kwa amayi anu ndipo simunaphonye chaka osadzala m'munda wa pachulu.

Pamaliro anu anthu anachuluka, midzi yonse ya m'mbali mwa dambo inabwera. Tsiku lachitatu ndiwo zinatha, ndipo ndinamva azakhali akuti, "Tsegulani kankhokwe komata kaja, tisinje, titendere nkhwani." M'menemo ndimo munali mbewu yanu. Ndinathamanga, n'kukokolera nsawa zonse m'thumba, n'kubisa pansi pa katundu wanga. Ndinauza Tamala kuti ndipita nazo ku Kitwe kumene kulibe wozipempha, ndidzazitumiza mvula ikayandikira. Iye anangoti chabwino, poti ine ndine wamkulu.

Thumbalo linali lalikulu, ine wodwala pakati, ulendo wa masiku awiri, basi mpaka ku Lusaka kenako sitima. Ndiye ndinakhala kuseri kwa nyumba yanu n'kuziswa zonse kuti zikwane m'chitini cha mabisiketi. Ndikuswa choncho mawu anu ndinkawamva bwinobwino: "Esinati, mbewu saswa mvula isanagunde. Isiye m'makoko mwake, wamva?" Ndinakuyankhani mumtima kuti zimenezo n'za kumudzi. Ine ndili ndi nyumba ya malata, ya simenti, ya magetsi, chingalowemo n'chiyani? Chitinicho ndinachitseka zolimba n'kuchiika pamwamba pa kabati, pafupi ndi malata enieniwo, n'kuiwalako miyezi yonse yotentha ija. Kudzikuza, Amayi. Dzina lina palibe.

Nditatsegula kumapeto kwa Okutobala, fungo lake linandibweza m'mbuyo. Zinali zitatuluka mafuta, zachita chuku, zina zagwirana mibulu yakuda. Mayo ine! Ndinakhala pasimenti tsiku lathunthu kusankha imodziimodzi, Malita akuyamwa. Zooneka zamoyo ndinapeza makumi anayi.

Mvula yoyamba itagwa ndinazidzala kuseri kwa nyumba, pakati pa chimbudzi ndi waya wa aneba. Dothi lake n'louma ngati njerwa, khasu limachita kubwerera. Zinamera zisanu ndi ziwiri. Kenako tsiku lina mphepo inabwera ndi utsi wa kosungunulira mkuwa, woluma pakhosi uja kuno amati senta, ziwiri n'kupsa masamba. Zatsala zisanu. Ndazitchinga ndi minga ndi zidutswa za malata chifukwa cha nkhuku za a Bana Mulenga, aneba anga. Iwo amaima pawaya n'kumandiseka: "Mayo, nsawa zili mbwee kumsika, inu mukulondera timasamba tisanu ngati msilikali?" Ndimaseka nawo. Ndiwauza chiyani?

Tamala walemba kawiri. Kalata yachiwiri inali ya mawu ochepa: "Akulu, mizere ndaunga, mvula yagwa, anzanga adzala kale. Mbewu ya amayi ili kuti?" Sindinayankhe.

Tsono mumve chimene ndinafuna kuchita. A Phiri, amene amagwira ntchito ndi bambo a Yosefe, akupita kumudzi Loweruka kutchuthi, ndipo avomera kunyamula kamtolo. Dzana ndinapita kumsika, n'kuzungulira mpaka ndinapeza nsawa zofiirirako. Ndinagula, ndinaziswa kuti makoko asandiulule, n'kuzimanga mu mpango wanu wobiriwira uja, kuti Tamala akangoona mpangowo asafunse kanthu. Kamtoloko kakhala patebulo masiku awiri, ine chakudya osalowa. Ndinayamba kumuona Tamala akudzala, akupalira, akuuza mudzi wonse kuti mbewu ya amayi yabwerera, kenako pokumba n'kupeza ziwiriziwiri m'khoko. Mukumudziwa mwana wanu. Sakanati Esinati wandinamiza. Akanati manja ake ndiwo aononga mbewu yanu, n'kusenza zimenezo mpaka kukalamba.

M'mawa uno ndamasula mpango. Nsawa za kumsika zipita m'pepala la kumsika, kuti mizere isakhale yopanda kanthu chaka chino, ndipo pamwamba ndilembapo kuti si zanu. Ndikamaliza kalata ino ndiyamba ya Tamala, ndimuuze zonse monga ndakuuzirani inu. Imeneyo ndiyo ikundiopsa, chifukwa iye ayankha.

Ndatopa, Amayi. Ndatopa ndi kulira kwa wezulo ya mgodi, ndi kuchapa maovololo osayera, ndi kukhala wamkulu. Nthawi zina ndimalakalaka mutandikalipira kamodzi kokha, ndi mawu aja ankamveka mpaka kudambo, mwina mtima ukanapepuka.

Mpango ndausunga. Zisanu zija zikakhwima ndidzazikumba ndi manja, ndidzaziyanika monga munkachitira, ndipo m'nyumba muno palibe adzalawe ngakhale imodzi, ine ndemwe. Sindidzazituma ndi munthu. Ndidzabwera nazo ndekha, Malita kumsana, mpango pamiyendo, zili m'makoko mwake. Kaya zidzangodzaza dzanja limodzi, ndikukulonjezani kuti wodzaziswa ndi Tamala, pakhonde panu, mvula itagunda.

Malita wadzuka, ndilekeze pano. Ndimakukondani, Amayi.

Ine mwana wanu wosamva,
Esinati