Kosi ya Kompyuta Afunsa Amuna Anga

Lachiwiri, Juni 2003. Chiperoni tsiku lonse, mtima suli m'malo.

Ku ofesi kwathu pa Boma kwabwera kompyuta, ndipo makina anga otayipira adzawachotsa posachedwa. Kosi yake ndi yogonera ku Blantyre. Abwana sanandifunse ine. Anakafunsa amuna anga ku esiteti komwe amagwira ntchito, ngati akubwereka khasu. Iwo anayankha kuti, "Akazi anga sagona ku resiti hausi."

Ndiye kukosiko kukupita a Mwale a mu ofesi mwathu, otayipa ndi zala ziwiri ngati nkhuku yojompha chimanga.

"Inu mayi muzidzaipukuta fumbi kompyutayo," anatero abwana akuseka. Ine, woti ndinapondako ku yunivesite!

Makina akachoka, adzandisungiranji? Njinga ya amuna anga yamveka panja. Ndikalankhula likhala phokoso, ndikakhala chete ntchito yatha. Ndiwapatse kaye madzi osamba, kenako...